Lekani makapisozi ogula pa okala pa chifuwa chosatha

Chiyambireni kuzizira mu June, anthu amene anachira TB koma amatsokomolabe akufika kuchipatala atafooka kale, ndipo ambiri amakhala atadzera pa okala. Agula makapisozi anayi a amoxicillin, amwa masiku awiri, chifuwa chikangofewa asiya. Mwezi wotsatira chimodzimodzi. Kodi tidzanena kangati kuti zimenezi zikuwononga mapapo?

TB imatha koma imasiya zipsera. Timachubu ta mpweya timatanuka, makhololo amadikha m'menemo, mabakiteriya n'kukhazikika. Kawirikawiri oyamba amakhala a Haemophilus influenzae, amene amagonja munthu akamwa mankhwala oyenera mokwanira. Kumwa mwa apo ndi apo kuli ngati kupopera mbozi ndi mankhwala ochulutsa madzi: zofooka zimafa, zolimba zimatsala. M'mapapo otere mumalowa bakiteriya wina wotchedwa Pseudomonas aeruginosa, amene amoxicillin ngakhale Bactrim samukhudza n'komwe. Wodwala amene ali naye amabanika pafupipafupi, mapapo amafooka msanga, ndipo nthawi zina amagonekedwa kuti alandire mankhwala odzera m'mitsempha. Kudwala kulikonse kumawonjezera chipsera, ndipo chipsera cha m'mapapo sichifufutika.

Mlimi wina wa fodya ankati kuchipatala n'kutaya nthawi. Chifuwa chikamuvuta ankatapa Bactrim wa mkazi wake, amene mayiyo amalandira pamodzi ndi ma ARV, osaganiza kuti akumulanda chitetezo. Nthawi yosankha fodya, fumbi la m'shedi litamulowa, anayamba kulavula makhololo obiriwira odzaza kapu pa tsiku, kukatunga madzi kokha ali wefuwefu. Ndalama ya fodya inathera kwa aganyu ndi pa thiransipoti.

Ndiye chitani izi. Yang'anani makhololo m'mawa uliwonse. Akachuluka, akasanduka achikasu kapena obiriwira, kapena befu likakula, pitani kuchipatala, muperekenso makhololo ayezedwe pa makina oyezera TB a GeneXpert, chifukwa TB imatha kubwerera. Ngati m'makhololomo muli magazi, pitani tsiku lomwelo. Mankhwala akakupatsani malizani onse. Pa vuto ili amatha kukhala a masiku 14. Kawiri pa tsiku pumirani mkati mozama katatu, kenaka tulutsani mpweya mwamphamvu kukamwa kuli yasa, kuti makhololo akwere. Imwani madzi ambiri, ndipo mbaula isalowe m'chipinda chogona.