Momwe mungapezere satifiketi ya luso ya TEVETA, ndi pomwe ine ndinapunthwa

Ndinaphunzira zowotcherera, ndipo anyamata a m'dera lathu satopa kundifunsa njira imene ndinadutsa. Nayi mmene ndikuikumbukira.

Yambani ndi kutchera khutu ku chilengezo cha TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Chimatuluka m'nyuzipepala ndi pa intaneti. Konzekeranitu satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika, kenaka sankhani luso ndi koleji: Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu kapena Livingstonia. Makoleji a m'madera, amene anayamba mu 2015, musawaderere. Kugona ndi kudya pakhomo kumapulumutsa ndalama zambiri. Wina akakuimbirani kuti mutumize kangachepe pa foni akupezereni malo, dulani foniyo. Ngati mwasankha koleji yoima payokha, funsani umboni woti inalembetsedwa ku TEVETA musanapereke ngakhale tambala.

Kenaka lembani fomu yofunsira malo. Tipitirire.

Akakutengani, gulani ovolosi ndi nsapato zachitsulo kuphazi. Pa kaunjika zimapezeka zabwino pa mtengo wosaboola m'thumba, bola kulawirira tsiku lotsegula belo. Koma galasi lowotcherera musagule la m'mbali mwa msewu. Ndinayesa, usiku wake maso ngati andithira mchenga.

M'kalasi, kupatula lusolo, mudzaphunzira kulankhulana ndi anthu, kuyendetsa bizinesi, masamu ndi kupewa ngozi pa ntchito. Ife tinkati izi n'zotayitsa nthawi, ndipo tinkakhala kumbuyo n'kumasinza.

Tsopano atachimenti. Apa khalani pansi mumve. Mumatumizidwa kukagwira ntchito yeniyeni, mutanyamula logbook, kabuku kolembamo ntchito zimene mwagwira, ndipo chilichonse chimene mwachita bwino woyang'anira amasainira. Ine ndinapita pa shedi ina yopanga mafelemu ndi mageti. Manja anga anali abwino, ndipo ndinkadziwa zimenezo mopitirira muyeso.

Tsiku lina mayi wina anabweza felemu la chitseko, akuti silikulowa pakhoma. Anali atalipira wa kabaza kupita ndi kubwera, thukuta lili kamukamu. Ine, galasi lili pamphumi, osadzuka n'komwe, ndinangoti, "Anayeza si ine, kafunseni womanga wanu." Afolomani anamva. Sanandikalipire. Anakokera mayiwo mpando, anatuma mwana kukatenga madzi akumwa, n'kutenga tepi kupita nawo kunyumbako. Cholakwa chinalidi cha womanga, koma felemu analikonza, ndipo mayi uja anadzabweranso ndi oda ya mawindo a nyumba yonse.

Lachisanu nditapereka logbook, afolomani anaibweza osasaina. "Iwe mphwanga, chitsulo ukuchitha, koma munthu sunamuphunzire." Masabata atatu ndinakhala wosesa, wolandira makasitomala ndi wolemba miyezo m'kope. Zinandiwawa, poti anzanga masamba awo ankadzaza anga ali mbee. Ndinachita kupita ndekha kukapepesa.

Ndiye chitani izi. Fikani bwana asanafike. Perekani moni kwa aliyense, ndi mlonda yemwe, chifukwa ndi amene amadziwa kumene kwabisika makiyi a stolo. Muyezo uliwonse ubwerezeni mokweza pamaso pa kasitomala, mulembe, iye aone. Mukaononga chitsulo nenani nokha asanachipeze. Chida chobwereka chibwerere tsiku lomwelo. Ndipo logbook isainidwe sabata iliyonse. Mukadikira kumapeto mudzapeza woyang'anira wasamuka kapena waiwala zimene munachita. Osayerekeza kusainitsa mnzanu, chifukwa akuluakulu amene amabwera kudzakuyenderani amafunsa mafunso ndipo bodza limaonekera pa manja.

Zotsalazo n'zachidule. Mukabwerera ku koleji mumayesedwa zolemba ndi zamanja, n'kumakwera kuchoka pa Level 1 kupita pa 2 ndi 3. Amene munaphunzirira luso pa shedi ya amalume osapita ku koleji, kafunseni ku ofesi ya TEVETA za ndondomeko yoyesa luso limene muli nalo kale. Satifiketi ikatuluka ijambulitseni makope angapo, yeniyeniyo isungeni mu pulasitiki, ndipo musachoke pa atachimenti osapempha kalata ya umboni kwa afolomani. Yanga ndi imene inandilowetsa ntchito yoyamba.