Kusankha zoyezera ntchito pachipatala chosafuna phindu

Chipatala cha mishoni, monga zija za CHAM (bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu m'Malawi), chimatulutsa manambala ambirimbiri mwezi uliwonse. Nanga oyang'anira aike maso pa ati?

Choyamba, bodi igwirizane zolinga zitatu kapena zinayi za zaka zikubwerazi. Choyezera chosakhudza zolingazo chiyambe chadikira.

Kenako gawani zotsalazo m'magulu anayi a balanced scorecard, njira yoyezera ntchito za bungwe yomwe Robert Kaplan ndi David Norton anafalitsa mu 1992: ndalama, otumikiridwa, kayendetsedwe ka ntchito, ndi kuphunzira kwa ogwira ntchito. Ine ndimati odwala akhale pamwamba, chifukwa chipatala chotere sichinamangidwe kuti chipange phindu.

Chachitatu ndiye chovuta. Itanani dokotala, anamwino, wa zachuma, wosunga mankhwala ndi oimira anthu a m'midzi yozungulira. Yerekezani zoyezera ziwiriziwiri, monga mwa AHP, njira ya Thomas Saaty yosanjira zinthu potengera kufunika kwake, popereka malikisi kuyambira 1 mpaka 9: kodi imfa za amayi pobereka zikuposa motani nthawi yodikira pamzere pa kufunika kwake? Nanga kutha kwa mankhwala m'nkhokwe poyerekeza ndi kuchoka kwa anamwino? Aliyense alembe payekha musanakambirane, apo ayi onse angotsatira mawu a bwana. Mayankho akatsutsana okha, bwerezani.

Tengani zopambana zosaposa khumi. Chilichonse chikhale ndi munthu woyankhapo komanso gwero lodziwika, kaya kaundula wa m'wodi kaya DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yosungiramo malipoti a zaumoyo.

Unikani miyezi itatu iliyonse, osaiwala kuona ngati ndalama za mgwirizano ndi boma zikufika panthawi yake.