Ndalama za ku COP zimafika bwanji kumunda kwanu ku Chongwe

Chaka ndi chaka ikafika Novembala mumamva pa wailesi kuti akuluakulu apita ku COP, msonkhano wa maiko onse wokambirana za kusintha kwa nyengo, mabiliyoni alonjezedwa, ndiye amalume anga amandiimbira foni ati iwe uli mu Lusaka tatiuze, ndalamazo tikatenge ku ofesi iti. Amalume, palibe ofesi yomwe mukafole ngati ya fetereza. Koma njira yake ilipo ndithu, yokhotakhota chabe.

Choyamba phunzirani kumva manambala. Ku Copenhagen mu 2009 maiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020, anachedwa nazo. Ku Baku mu 2024 anagwirizana 300 biliyoni pachaka pofika 2035, pomwe maiko osauka ankafuna zopitirira thiriliyoni imodzi. Manje mukamva nambala yotere funsani mafunso awiri. Kodi ndi zopatsa kapena ndi ngongole? Chifukwa zambiri zimabwera ngati ngongole, ndipo ife a Zambia tinalephera kale kubweza ngongole mu 2020, sitifunikanso kaloba wina. Lachiwiri, ndi zochepetsa utsi kapena zotithandiza kupirira chilala? Zambiri zimapita ku magetsi a sola ndi zina zotero, gawo la mlimi limakhala laling'ono. Palinso thumba lina la zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo lomwe anavomereza ku Sharm el-Sheikh mu 2022, nthawi imeneyo gulu la okambirana a mu Africa linkatsogoleredwa ndi wakwathu Ephraim Shitima, koma zomwe zinaponyedwamo ndi zochepa, musawerengere zimenezo pogula mbewu.

Ndalama zikatuluka sizibwera m'dzina lanu. Chitsanzo ndi SCRALA, pulojekiti yothandiza alimi kupirira kusintha kwa nyengo. Green Climate Fund, thumba la ndalama za zanyengo la maiko onse, inaika madola 32 miliyoni mu 2018, zinadutsa ku UNDP, bungwe la zachitukuko la United Nations, ndi unduna wa zamalimidwe kenako m'maboma 16, Chongwe, Rufunsa, Luangwa ndi Nyimba alimo. Anthu analandira mbuzi, ming'oma ya njuchi, maphunziro ndi uthenga wa zanyengo. Onani mmene zayendera apo, pamapeto penipeni pali kampu ofisa, mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, ndi koparetivu. Ndiye ngati kampu ofisa wa kwanu sakudziwani nkhope, ngati dzina lanu mulibe m'kaundula wa alimi, ngati koparetivu yanu imadzuka pokhapokha nthawi ya FISP ya fetereza wotsika mtengo, pulojekiti idzadutsa pamsewu inu mukupalira. Lembetsani, tengani chiphaso chanu cha NRC, pitani kumisonkhano ngakhale yotopetsa ija yopanda alawansi, ndipo koparetivu ikhale ndi buku lolemba amene analima chani, mahekitala angati, anakolola matumba angati. Anthu a mapulojekiti amakonda pepala kuposa nkhani zapakamwa.

Ife a m'tauni amene timalima pa foni ndi amene timaphonya kwambiri. Ine ndinaphonya chifukwa tsiku lolembetsa ndinali pa mzere wa basi ku Kulima Tower.

Koma osakhala pansi kudikira. 2024 inatiphunzitsa, a Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chimanga cha mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi chinapsa, Kariba inatsika mpaka magetsi tinkangowaona usiku pakati ngati mfiti. Chaka chimenecho mayi wina woyandikana ndi munda wathu anakololako ndithu, osati zambiri koma nsima sinasowe, ife mizere yathu ili gwaa. Iwo anakumba maenje.

Maenjewo kumbani mvula isanagwe, kuyambira mukangokolola nthaka isanaume ngati konkire, musadikire Okutobala mudzathyola khasu ndi msana womwe. Mangani chingwe, dzenje likhale masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi, 20 kuya kuti muboole chidindo cholimba chija chomwe pulawo inasiya pansi. Pakati pa mizere 90, pakati pa maenje 70. Thirani manyowa, kwirirani koma musadzaze, pasiyeni potsika pang'ono kuti madzi azikhazikika pomwepo. Mvula yoyamba yeniyeni ikangogwa bzalani tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndiye phindu lake lalikulu limenelo, anzanu akusakasaka ng'ombe zobwereka inu chimanga chamera. Chaka chamawa musakumbe pena, maenje ndi omwewo.

Mapesi osawotcha, ndikudziwa ana amafuna mbewa koma akazisake kwina. Agonekeni pansi aphimbe nthaka. Vuto ndi ng'ombe za aneba zomwe zimadya mapesi onse, pamenepo kambiranani ndi a mfumu, ine ndekha zinandikanika. Gawani munda, chimanga chocha msanga mbali ina, nyemba kapena nshawa mbali ina, muzisinthanitsa. Mtengo wa msangu ukamera m'munda usiyeni, umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndiye sutchinga dzuwa, ndipo pansi pake chimanga chimabiriwira ngati mwathira urea.

Udzu wokha ndiye udzakuvutani zaka ziwiri zoyamba, popeza simunatembenuze nthaka. Yambani ndi lima imodzi chabe, kota ya hekitala, imeneyo mungaipalire ndi banja lanu osalemba aganyu.