Momwe mungatungire mkanda wa m'khosi ndi mitundu yotsalira kwa ogulitsa

Aliyense wotunga mikanda amadziwa kuti yakuda, yofiira ndi yobiriwira siigonera, makamaka tikamayandikira pa 6 July. Yoyera nayo imatha msanga chifukwa cha amayi ofuna ya m'chiuno. Imene imachita fumbi m'mabotolo ndi yotuwa, yabulauni, yakhaki ndi yapepo wozimirira. Ineyo malonda anga ndimapangira imeneyi, ndipo ukanenerera bwino mumsika wa Limbe kapena ku Lilongwe amakutsitsira ndithu, poti wogulitsa watopa nayo.

Pezani mikanda yagalasi ya saizi 8/0. Nambala ikamakula mkanda umachepa, ndiye 11/0 muisiye kaye mpaka manja azolowere. Mufunikanso twayini wa mbedza wa 0.30 mm, kachokowera kotsekera kumbuyo, sizasi ndi kyuteksi woyera ngati madzi. Twayini gulani kwa ogulitsa zipangizo zausodzi; wa m'timapaketi tokongola uja ndi yemweyo, kungoti mtengo amaukweza.

Musanatunge kalikonse, yesani mikandayo ngati siisuluka. Apa ndipo ndinapsa. Ndinagula yapepo yambiri kwa bambo wina amene analumbira kuti ndi ya ku Czech, dziko lodziwika ndi mikanda yabwino yagalasi, ndi kutungira anamwali operekeza mkwati asanu ndi mmodzi. Unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pofika nthawi ya perekaniperekani, thukuta ndi mafuta odzola zinali zitasungunula utoto, makosi a ana aja ali pepo, makolala a madiresi atathimbirira. Ndinabweza ndalama zonse, ndipo banja limenelo silinabwerenso kwa ine. Mitundu yachilendoyi ndi imene imavuta kwambiri, chifukwa yambiri imakhala galasi loyera longopakidwa utoto pamwamba, pamene mkanda weniweni mtundu umakhala m'galasi momwemo. Choncho tapani pang'ono, viikani m'madzi ofunda a sopo usiku wonse, m'mawa mutikite pa nsalu yoyera. Kenaka pakani ina Vaseline, muisiye padzuwa tsiku limodzi, mutikitenso. Phwanyani umodzi ndi pulayala: mkati mukakhala moyera kunja kuli mtundu, imeneyo ndi yopaka. Yonyezimira ngati golide kapena siliva ndiye muziikayikira kuposa yonse. Wogulitsa akakana kukupatsani kasupuni kakang'ono kokayesera, pitani kwina.

Tsopano kusakaniza. Mtundu wotuwa pawokha umaoneka ngati phulusa, koma umadzuka ukapeza mnzake. Ine ndimapempha zidutswa za zitenje kwa telala, ndi kuyang'ana kamtundu kamene kali kochepa m'maluwa a chitenjecho, osati kamene kadzaza nsalu yonse. Kameneko ndiko ndimakatsata. Yambani ndi isanu yozimirira, umodzi wowala: yotuwa isanu ndi wofiira umodzi, kapena yabulauni isanu ndi wachikasu umodzi. Khaki amagwirizana ndi wakuda komanso wobiriwira wa masamba a mango. Yalani pa mbale yoyera panja, chifukwa babu la m'nyumba limanamiza maso, bulauni ndi pepo zimangofanana.

Kumbukiraninso kuti kuno mitundu ili ndi eni ake. Chikasu anthu amaona UDF, buluu DPP, olenji PP, ndipo nthawi ya kampeni makasitomala ena amaikana kuopa kunenedwa. Mukaimwaza pakati pa bulauni kapena yotuwa, za chipanizo sizionekanso.

Dulani twayini wa 60 cm kuti mkanda utuluke wa 45 cm. Mangani mbali imodzi ya kachokowera, yalani thaulo pamiyendo kuti yogwa isabalalike, muyambe kutunga. Singano siifunika, twayini ndi wolimba kale. Mikanda yotsika mtengo siifanana kukula, ndiye yopindika ndi yotsekeka bowo muzitaya pomwepo. Mukafika pakati, pindani muone ngati mbali ziwiri zikuyenda mofanana.

Pomaliza musakoke kwambiri, mkanda umauma ngati waya. Mangani mfundo zitatu ku mbali inayo ya kachokowera, bwezani nsonga m'mikanda ingapo, dulani, donthezani kyuteksi pamfundopo. Chibangili ndi chimodzimodzi, mungoyeza dzanja ndi kuwonjezera 2 cm kuti mupeze kutalika kwake, osaiwala kusiya twayini womangira mfundo. Pojambula za pa WhatsApp, ikani mkandawo pamwamba pa chitenje chija.