Mapazi athu pa intaneti: ena ngosunga, ena ngofufuta

Ambiri a ife matchona timachita zinthu mozondoka. Malipiro timalandirira pamanja, lendi timaperekanso pamanja popanda lisiti, koma chithunzi cha pakhomo pamene tikukhala, nambala ya nyumba ikuoneka bwinobwino, chili pa Facebook. Umboni woti ungadzatiombole sitisunga, pomwe zotipalira moto tikumwaza tokha.

Ndiyambe ndi mapazi oyenera kusunga (mapazi ndi zimene timasiya pa intaneti ndi m'mafoni), chifukwa amene amalangiza kuti "ingofufutani zonse" sakukuthandizani. Ku Britain makadi a BRP, osonyeza kuti mlendo ali ndi chilolezo chokhala, adatha ntchito pa 31 Disembala 2024, ndipo chilolezo chokhalira m'dzikomo tsopano ndi eVisa, imene imaonekera pa intaneti. Abwana kapena eni nyumba amafuna share code, kodi yowaonetsera chilolezo chanu, imene imagwira ntchito masiku 90. Akaunti ya eVisa imadalira imelo ndi nambala ya foni imene mudalembetsa. Ndiye musalole ejenti, kapena achimwene aja "odziwa zinthu", kukutsegulirani ndi imelo yawo. Tsiku lodzayambana, makiyi a mapepala anu adzakhala m'thumba mwawo.

Komweko ku Britain, munthu wopanda mbiri ya ngongole ku Experian, Equifax kapena TransUnion, makampani osunga mbiri zotere, amavutika ngakhale kupeza foni ya kontrakiti. Poti Malawi ali mu Commonwealth, amene muli ndi chilolezo chokhala mutha kulembetsa m'kaundula wa zisankho, ndipo zimathandiza kumanga mbiriyo. Koma polembetsa chongani kuti dzina lanu lisalowe mu open register, chifukwa kaundula ameneyu aliyense atha kumugula, dzina ndi adiresi yomwe.

Ku Joni nako umboni ndi chuma. Mauthenga a WhatsApp amene abwana amakuuzani nthawi yolowera ntchito, uthenga wa ku banki wosonyeza malipiro, malisiti a Mukuru: musazifufute poti foni yadzaza. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito, ndipo kumeneko pakamwa pokha sipakwanira. Kumbukiraninso amayi a kwathu oposa 50 amene adavutikira ku Oman: gulu la WhatsApp ndilo lidawasonkhanitsa mpaka nkhani yawo kumveka, iwo n'kubwerera kwawo.

Tsono mapazi ofufuta. Kuyambira 2019, fomu ya viza ya ku America imafunsa maina amene mwagwiritsa ntchito pa masamba a mchezo m'zaka 5 zapitazi, ndipo mu 2025 adawonjezera kuti ofuna viza ya sukulu atsegule masamba awo kuti aonedwe. Kubisa akaunti n'koopsa kuposa zimene mudalembamo, chifukwa kunama pa fomu kutha kukutsekerani khomo mpaka kalekale. Mlendo wophunzira ku Britain amene malire ake ogwira ntchito ndi maola 20 pa sabata, n'kumalemba kuti "ndagwira usiku ndi usana sabata yonse", akudzilembera yekha mlandu, ngakhale kukhale kungodzitama.

Ku South Africa, kumene magulu ngati Operation Dudula amalondola alendo, kujambula vidiyo ya TikTok kutsogolo kwa shopu yanu, chikwangwani cha msewu chikuoneka, n'kusewera paulimbo. Ngati mtima wafunitsitsa kuonetsa kumene mudapita, ikani chithunzicho mutachokako kale.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi a kumudzi. Ife timaonetsa galimoto ndi nyumba imene tikumanga ku Area 49, koma amene amagona pafupi ndi simenti ndi malata aja ndi mayi athu. Akathyali nawo amawerenga ndemanga pansi pa zithunzi n'kudziwa kuti mlongo wanu ndi uyu, malume ndi awa. Kenako amaimbira mayi kuti mwana wawo wagwidwa pa Beitbridge, atumize ndalama msanga pa Mpamba kapena Airtel Money. Panganani ndi a kwanu mawu amodzi achinsinsi, ndipo aziyamba akuimbirani inuyo asanatumize kalikonse. Chithunzi cha pasipoti ndi tikiti ya ndege, chija timakonda kuika pa status tili pa Chileka, chilekeni. Timizere ta pa tikiti timanyamula dzina lanu ndi nambala ya ulendo wanu.

Pomaliza, nambala yanu yakale ya kumudzi. SIM ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo ngati Facebook kapena imelo yanu idakali pa nambala imeneyo, mlendoyo ndiye azilandira makodi anu. Isintheni lero, muike nambala imene muli nayo m'manja. Pa WhatsApp tcherani two-step verification, loko wachiwiri wa PIN yanuyanu, ndipo kodi ya manambala 6 ikabwera musanaipemphe, musauze aliyense, ngakhale uthenga wopempha utachokera pa nambala ya abusa a kumpingo kwanu.