Momwe mungajambulire zomera ndi malo ongopeka a filimu muli konkuno ku Mzuzu

Filimu ya nthano, ija ya dziko lomwe kulibe, mitengo yoyenda usiku ndi mapiri okhala mizimu, isanafike pa kamera imadutsa kaye m'manja mwa wojambula. Iyeyu amaika papepala momwe dzikolo lidzaonekere kuti dayirekitala, wa kamera ndi amisiri omanga zinthu akhale ndi chithunzi chimodzi m'mutu. Ntchitoyi amaitcha concept art. Ndikulemba poganiza kuti pensulo mumaigwira kale, ndiye za kajambulidwe ka tsamba ndi mthunzi wake sindizikhudza.

Choyamba, werengani nkhani yonse, kenako mukhale pansi ndi dayirekitala. Mumufunse kuti chomeracho chikugwira ntchito yanji m'nkhanimo, ngati pali wosewera amene adzachikhudze, ndiponso ngati chidzamangidwe ndi manja kapena chidzaikidwe pa kompyuta. Funso lomalizali musalilumphe. Mafilimu athu ambiri alibe ndalama yolipira munthu wa Blender, pulogalamu youmbira zinthu pa kompyuta, miyezi yathunthu, choncho chomwe mujambule chidzathera m'manja mwa mmisiri wa waya ndi nsungwi.

Chachiwiri, zimitsani data mutuluke panja. Mukayambira pa Pinterest mujambula nkhalango za ku Ulaya zomwe aliyense anaziona kale, pomwe zodabwitsa zili pafupi. Mlombwa mukautema umatuluka utomoni wofiira zedi, ndipo chipatso chake n'chozungulira, chopyapyala m'mbali, chokhala ndi minga pakati. Mvunguti umalendewetsa zipatso zolemera pa zingwe zazitali, ndipo maluwa ake ofiira moderapo amatseguka usiku, n'kumabwera mileme kudzamwa timadzi take. Chitedze nonse mukuchidziwa ntchito yake. Ku Nyika, komwe dera lalikulu lili pamwamba kuposa mamita 2,000, kuli mitundu yopitirira 200 ya maluwa a m'gulu la chinaka, ndipo ambiri amachita maluwa mu Januwale ndi Febuluwale. Ngati ulendo wa ku Nyika wakukulirani mthumba, yambirani kumunda wa zomera wa boma wa mumzinda muno, kapena muyende m'mbali mwa Lunyangwa m'mawa. Pamsika, matebulo a ogulitsa mankhwala azitsamba amakhala ndi mizu ndi makungwa opindika modabwitsa. Pemphani kaye musanatulutse foni, ndipo gulani kamuzu kamodzi, nkhani imayenda bwino.

Chachitatu ndi kusakaniza. Tengani zomera ziwiri, zikachuluka zitatu, musinthe chinthu chimodzi chokha: kukula, mtundu, kapena malo omera. Mwachitsanzo, chipatso cha mlombwa chija chikule ngati lichero, chikhale pamwamba pa tsinde lonenepa la mlambe waung'ono, ndipo utomoni wofiira uzidontha m'mbali. Mukatero dzifunseni kuti chimamwa madzi kuti, ndipo mbewu zake zimayenda bwanji. Chomera cha malo ouma chimasunga madzi m'tsinde ndipo masamba ake amachepa. Choitana mileme chimalendewetsa maluwa pambalambanda kuti mileme isagunde nthambi. Woonera filimu sangakufotokozereni zimenezi, koma chomera chopanda chifukwa amachiona msanga kuti n'chabodza. Mukaunjika mapiko, maso ndi nyanga pa mtengo umodzi, anthu amaseka pamalo poti aope.

Chachinayi, gawani pepala la A4 m'timabokosi, mujambule tizithunzi tating'ono tambirimbiri ndi chakuda chokhachokha, opanda mitsempha ya masamba, opanda mitundu. Mukufuna kuona ngati chomeracho chingazindikirike ndi maonekedwe a kunja okha, chifukwa mufilimu chingaoneke kwa masekondi awiri, mwina kutada. Za ma marker samalani: alipo ena olembedwa mayina odziwika omwe amauma tsiku lomwelo. Lemberani pomwepo musanapereke ndalama, ndipo wogulitsa akakana kuti mutsegule, pitani kwina. Kunena zoona, kakhala ka mumbaula kamagwira ntchito yomweyo, mungokapopera mankhwala oumitsa tsitsi aja kuti kasafufutike.

Chachisanu, gawo lomwe ndikufuna mulimvetse. Dayirekitala akasankha chomera, musangojambula chithunzi chimodzi chokongola n'kuti ntchito yatha. Pa filimu ina yaifupi yomwe tinkajambulira chakufupi ndi nkhalango ya Kaning'ina, panali chomera chooneka mwa bowa, cha minga pamwamba, choti mtsikana wa m'nkhaniyo abisale pansi pake mvula ikugwa. Chithunzi chinakondedwa, chinatumizidwa pa WhatsApp kwa mmisiri wowotcherera zitsulo. Pachithunzipo panalibe munthu woima pambali, panalibenso nambala iliyonse. Mmisiriyo anaona bowa, anaganiza za bowa amene amamudziwa, n'kungomukulitsa momwe anaonera. Tsiku lojambula chinthucho chinafika pa kabaza, cholekeza m'chiuno, moti mtsikanayo sakanalowamo ngakhale atagwada. Kumbuyo kwake waya ndi masaka a simenti zinali pamtunda, poti chithunzi chinangoonetsa kutsogolo, pamene wa kamera amafuna kuzungulira. Osewera anali atalipiriridwa kale thiransipoti, nsima itaphikidwa, ndipo tsikulo linangopita.

Ndiye chomera chilichonse chomangidwa chikhale ndi pepala lakelake, la A3 ngati mungathe. Chijambuleni kutsogolo, chammbali, kumbuyo ndi kuchokera pamwamba. Pambali imikani munthu wa mamita 1.7, ndipo ngati wosewerayo adzakhale pansi kapena kukwera, mujambuleni akuchita zomwezo. Miyeso lembani m'mamita ndi m'mafiti momwe, chifukwa amisiri athu ambiri amawerenga mafiti ndi mainchesi. Lozani ndi mivi kuti apa ndi chitsulo, apa nsungwi, apa siponji ya matiresi, apa saka lonyikidwa mu guluu wa matabwa. Sonyezani pomwe chidzagawike pawiri kapena patatu, poti chinthu cha mamita 3 sichituluka pakhomo la shedi ndipo sichikwana pa pikapu chili chathunthu. Ganiziraninso nyengo ya kuno. Mvula ya Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo ngakhale mu Juni kumachita kamvula kowaza, choncho chopangidwa ndi mapepala chimafewa n'kugwa mutu chikapanda vanishi.

Pepalalo musalitumize pafoni. Lisindikizeni, mupite nalo nokha kwa mmisiri, mutenge choko mujambule msinkhu weniweni pakhoma la shedi yake, iye aime pambali aone. Ngati nthawi ilipo, umbani kachitsanzo kakang'ono ka waya ndi dongo mumusiyire. Mubwerenso chigoba chikangowotchereredwa, asanachikute, chifukwa pamenepo kusintha n'kotchipa. Ndalama musapereke yonse poyamba, zimenezo mukudziwa kale.

Chachisanu ndi chimodzi, malo. Funsani kaye kukula kwa chithunzi cha filimu, ngati ndi 16:9 wa pa TV ndi YouTube kapena 2.39:1 wotambalala uja, ndipo muzijambula m'bokosi lomwelo. Njira yachidule ndi kupita komwe filimu idzajambulidwire, kutola zithunzi pafoni, n'kujambula dziko lanulo pamwamba pake. Ku Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala opitirira 50,000 ija, malo omwe anadula mitengo n'kutsala zitsa ndi utsi akukupatsani kale dziko lotembereredwa osalipira kanthu. Elephant Rock mumsewu wa M1 ungakhale likulu la mfumu. Mizere ya mitengo ya labala ku Vizara, ndi tizikho take tolandirira utomoni, ikungodikira nkhani yake. Mathithi a Manchewe ku Livingstonia nawonso alipo, koma kukwezako zida ndi nkhani ina.

Chithunzi cha malo chigaweni patatu: zapafupi zikhale zakuda kwambiri, zapakati zotuwirako, zakutali zoyererako mopita ku buluu. Imani panja m'mawa wa mu Julayi muone momwe nkhungu imadyera mapiri limodzi ndi limodzi, phunziro lonse lili pamenepo. Kamunthu kakang'ono musakaiwale apanso.

Za kompyuta: pulogalamu yojambulira ya Krita ndi yaulere ndipo imakwanira, pafoni pali ibisPaint. Anyamata oika Photoshop wakuba pamtengo wozizira aja amakuikiraninso ma virus, ndipo laputopu imayamba kumangoima pakati pa ntchito. Matabuleti ojambulira a Wacom, Huion kapena XP-Pen anakwera mtengo kwambiri chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye ambiri tikugula ogwiritsidwa kale ntchito. Ogulitsa ena m'magulu a WhatsApp amaonetsa tabuleti yowala bwino koma cholembera chake chinafa, ndipo cholembera chokha n'chovuta kupeza kuno. Lumikizani pa laputopu yanu, mujambule mzere wopepuka ndi wotsindika, muone ngati ikusiyanitsa. Sungani ntchito pafupipafupi, magetsi sachenjeza.

Mitundu isapitirire itatu yaikulu, ndipo umodzi ukhale wa chomera chofunikacho basi. Ngati mukusowa poyambira, onani masamba atsopano a mombo mu Seputembala, ofiira ndi ofiirira pamwamba pa udzu wouma. Mukamaliza sandutsani chithunzicho chakuda ndi choyera pafoni. Chomera chikasowa m'menemo, bwererani.

Perekani mafayilo a PNG kapena PDF, osachepera ma pixel 1920 kwa 1080, lililonse lolembedwa dzina la chomera ndi nambala ya gawo la filimu. Musanapereke, lemberanani pepala lonena kuti zithunzizo ndi za ndani filimu ikatuluka, ngati mungaziike pa Facebook, komanso kuti kusintha kwaulere ndi kangati. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza zojambula, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, angakuunikireni zambiri. Theka la malipiro litsogole musanagule ngakhale pepala.