Musanasankhe ntchito, kachezeni ndi amene akuigwira kale

Achinyamata ambiri amasankha kosi poona yunifomu, galimoto ya kuntchito, kapena potengera zimene amalume ananena tsiku lina pa ukwati. Wina amalemba uinjiniya pa fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, asanaonepo injiniya ali pantchito. Wina amalowa unamwino osadziwa kuti kuchezera usiku m'wodi pa Khirisimasi ndi mbali ya ntchitoyo. Zaka zinayi ndi fizi yonse zikapita m'pamene amazindikira kuti si zimene ankaganiza. Pali njira yotsika mtengo yopewera zimenezi: kupempha mphindi 20 kapena 30 kwa munthu amene akugwira ntchitoyo, n'kukamufunsa mafunso amene mwakonzekera bwino. Njirayi imathandiza wa Folomu 4, womaliza koleji, ngakhalenso amene ali kale pantchito koma akufuna kusintha.

Mfundo yoti muigwire kuyambira pachiyambi ndi yakuti simukupita kukapempha ntchito. Kuno kwathu munthu wapantchito akamva kuti pali mwana akufuna kumuona, amaganiza zinthu ziwiri, ntchito kapena fizi, ndipo amayamba kuzemba. Mukamuchotsa mantha amenewo, mudzapeza kuti anthu ambiri amasangalala kufotokoza za ntchito yawo, chifukwa ndi ochepa amene amawafunsa.

Mucheze ndi ndani

Sankhani ntchito ziwiri kapena zitatu zimene zikukusangalatsani, osapitirira apo. Pa ntchito iliyonse funani anthu atatu: amene wayamba m'zaka zitatu zapitazi, amene wakhalamo zaka khumi kapena kuposa, ndi amene anaisiya. Ambiri amathamangira kwa bwana wamkulu, koma bwanayo amadziwa njira yolowera imene mwina inatsekeka kale. Amene anaphunzira ku Poly kapena ku College of Medicine zaka makumi awiri zapitazo anadutsa m'dongosolo lina. University of Malawi inagawidwa mu 2021, Poly inasanduka yunivesite ya MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala yunivesite ya KUHeS, ndipo chiwerengero cha omaliza maphunziro chakwera kwambiri. Wongoyamba kumene ndi amene angakuuzeni za mpikisano wa lero. Wokhalitsa angakuuzeni kumene ntchitoyo imakafikitsa munthu. Amene anaisiya amanena zimene awiri enawo amabisa.

Onaninso kumene munthuyo amagwirira. Namwino wa ku Queens sakhala moyo umodzi ndi namwino wa pa helefi senta ya kumudzi kapena wa chipatala cha mishoni cha pansi pa CHAM. Akauntanti wa boma, wa kubanki ndi wa bungwe lomwe si la boma ali ndi mapepala ofanana koma masiku awo ndi osiyana.

Anthuwa sali patali. Ali kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu, m'gulu la WhatsApp la amene anaphunzira pasukulu yanu, pa boma pamene pali maofesi a zaulimi, zamaphunziro ndi chipatala chachikulu, komanso pa Facebook ndi LinkedIn. Aphunzitsi akale amadziwa kumene ana awo anafalikira. Achibale enieni ndi abwino kukulumikizani ndi anzawo, koma si abwino kwenikweni kuwafunsa iwo eni, chifukwa amakhala atakusankhirani kale chochita.

Kapemphedwe kake

Ngati pali munthu wodziwana ndi nonse awiri, ayambe ndi iye kukutchulani, kenako inu mulembe uthenga. Musalembe "Muli bwanji bwana" n'kungodikira yankho, musaflashe, ndipo musaimbe foni usiku. Uthenga umodzi unene zonse: ndinu ndani, nambala mwaitenga kuti, mukufuna chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji. Mwachitsanzo:

"Mwaswera bwanji madamu. Ndine Uje, nambala yanu andipatsa ndi aphunzitsi a Uje. Ndalemba MSCE chaka chino ndipo ndikuganizira zophunzira za labu ya kuchipatala. Sindikupempha ntchito, ndingofuna kumva kwa inu mmene ntchitoyi imakhalira ndisanasankhe. Ngati n'kotheka, ndikupempha mphindi 20 tsiku limene mungamasuke, kuofesi kwanu kapena pafoni. Ndidzaimba ndine. Zikomo kwambiri."

Mawu akuti "ndidzaimba ndine" ndi ofunika. Mayunitsi, bandulo ndi thiransipoti ndi zanu, osati za amene akukuthandizani.

Akapanda kuyankha, dikirani sabata imodzi, muwakumbutse kamodzi, basi. Kusayankha nthawi zambiri ndi kutanganidwa chabe, n'chifukwa chake ndi bwino kulembera anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi mukafuna kucheza ndi atatu. Ganiziraninso nyengo ya ntchito yawo. Akauntanti musamupemphe kumapeto kwa mwezi, pamene akutseka mabuku ndi kukonza malipiro. Wa kuchipatala musamupemphe Lolemba m'mawa, mphunzitsi nthawi yochonga mayeso, kapena mlangizi wa zaulimi mvula yoyamba itangogwa.

Malo okumanira akhale ofesi yawo nthawi ya ntchito, kapena malo ena poyera masana. Pamenepa atsikana asanyengerere: munthu akanena kuti mukumane ku loji, kubala kapena kunyumba kwake madzulo, kanani mwaulemu n'kupempha kuti mulankhule pafoni. Uzani wina wa kunyumba kumene mukupita. Ndipo wina akayamba kunena kuti mupereke kenakake kuti akuikireni dzina pa mndandanda wa olembedwa ntchito, macheza athera pomwepo. Kucheza kotere sikulipiritsa.

Mafunso amene amatulutsa zoona

Musanapite, werengani zimene mungazipeze nokha: kosiyo imaphunzitsidwa kuti, imatenga zaka zingati, imafuna maphunziro ati pa MSCE. Mukawononga mphindi khumi kufunsa zimene zili pa webusaiti ya koleji, mwataya theka la mwayi wanu. Lembani mafunso asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu m'kope, ofunika kwambiri pamwamba, chifukwa nthawi zambiri simudzafika kumapeto. Fikani mphindi khumi nthawi isanakwane, foni ikhale chete, ndipo musajambule mawu musanapemphe.

Funso lakuti "ntchito yanu imakhala yotani?" limabweretsa yankho la pa wailesi: ndi yabwino, imafuna khama ndi kudzipereka. Funsani za tsiku lenileni. "Dzulo mutafika, munayamba ndi chiyani, nanga munaweruka nthawi yanji?" Apa m'pamene mudzamve kuti loya amathera nthawi yambiri akuwerenga ndi kulemba zikalata kuposa kuima m'khoti, kuti injiniya wa misewu amatha miyezi ali kusaiti kutali ndi banja, kuti wofalitsa nkhani amathamangitsana ndi anthu okana kuyankha foni. Akatchula chinthu chimene simukuchidziwa, imani pomwepo mufunse. Kugwedeza mutu ngati mwamva kumakubwezani kunyumba chimanjamanja.

Funso lachiwiri, limene mwina ndi lamphamvu kuposa onse, ndi ili: "Anzanu amene munamaliza nawo ali kuti lero?" Munthu amene mukucheza nayeyo ndi mmodzi mwa amene zinawayendera, ndiye nkhani yake yokha ingakunamizeni. Koma akayamba kuwerenga anzake, kuti awa ali m'boma, awa anapita ku Joni, awa akuchita bizinesi, awa akudikirabe, mudzaona chithunzi cha msika wonse. Tsatizani ndi lakuti iwo anadikira nthawi yaitali bwanji asanapeze ntchito yoyamba, ndipo anaipeza kudzera m'njira iti: atachimenti, intenishipu, kudzipereka mwaulere, kapena kulemba kalata ataona m'nyuzipepala.

Kenako funsani za mapepala amene amafunika kupatula digiri kapena dipuloma. Ntchito zambiri zili ndi khomo lachiwiri limene ana asukulu salidziwa. Namwino ayenera kulembetsedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, dokotala ndi kiliniko ofesa ku Medical Council of Malawi. Womaliza digiri ya zamalamulo sayamba kuimira anthu m'khoti mpaka atavomerezedwa kutero. Wa zowerengera ndalama amakhala ndi mayeso a mabungwe a akauntanti a ICAM kapena ACCA, amene amadya ndalama ndi zaka. Funsani kuti khomo limeneli linawatengera nthawi yotani, ndipo analipira ndani.

Nkhani ya malipiro ndi yofunika, koma kufunsa munthu wamkulu kuti "mumalandira zingati?" n'kupanda mwambo. Zungulirani: "Munthu woyamba kumene ntchitoyi angayembekezere kuyambira pati?" kapena "Kodi woyamba kumene amatha kulipira lendi m'tauni muno ndi malipiro okha?" Funsaninso ngati anthu amadalira malipiro enieni, ma alawansi, kapena maganyu apambali, komanso ngati ntchito zambiri ndi zokhazikika kapena za kontilakiti ya chaka chimodzi. M'mabungwe ambiri ntchito imatha pulojekiti ikatha, ndipo zimenezi munthu ayenera kuzidziwa asanakopeke ndi galimoto yoyera ya bungwe ija.

Musaope kufunsa zowawa. "Ndi chiyani chimakutopetsani kwambiri?" "Anthu amene amaisiya ntchitoyi amasiyira chiyani?" "Mwana wanu atafuna kulowa ntchitoyi, mungamuuze chiyani?" Lomalizali limamasula anthu ambiri.

Mutsirize ndi kupempha mayina: "Pali wina amene mukuona kuti ndingacheze naye, makamaka wogwira kumalo kosiyana ndi kuno? Ndingatchule dzina lanu pomulembera?" Munthu mmodzi akakupatsani awiri, simudzasowanso wocheza naye.

Zimene zimasokoneza

Vuto lofala ndi ulaliki. Akuluakulu ena akaona wachinyamata amayamba malangizo a kulimbikira sukulu ndi kupewa mowa, mphindi 20 n'kutha. Simungawadule pakamwa, koma akapuma, thokozani n'kubweza nkhani: "Zikomo bambo, ndamva. Ndimafuna ndimvenso za chaka chanu choyamba pantchito, chinali chotani?" Vuto lina ndi ulemu wopitirira muyeso, wongoti "inde bwana" maso ali pansi. Ulemu ukhalepo, koma kope litseguke ndipo mafunso afunsidwe.

CV itengeni, koma ikhale m'chikwama. Mukaitulutsa musanapemphedwe, mwaswa lonjezo lanu loti simukufuna ntchito, ndipo amene anakulumikizani uja mwamuchititsa manyazi. Akaifunsa okha, perekani. Nthawi imene munapempha ikakwana, nenani nokha kuti yatha. Akafuna kupitiriza, adzanena.

Mukatuluka

Lembani zimene mwamva tsiku lomwelo, musanayambe kufotokozera anzanu, chifukwa mukafotokoza kangapo nkhani imasintha. Patulani zinthu ziwiri: zimene zingatsimikizidwe, monga mapointi, fizi ndi zaka, ndi maganizo a munthuyo. Zoyambazo katsimikizeni kwa eni ake. Ngati akutchulirani koleji, onani ku NCHE ngati kolejiyo ndi kosiyo zili zovomerezeka, ndipo za ntchito zamanja funsani ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro amenewa, kapena ku makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe Technical. Maganizo a munthu mmodzi musawatenge ngati lamulo. Wotopa ndi bwana wake adzakuuzani kuti ntchito yonse ndi yoipa. Chimene anthu atatu osadziwana anena mofanana ndiye chigwireni.

Tumizani uthenga wothokoza pasanathe tsiku, wotchula chinthu chimodzi chimene chakuthandizani. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, adziwitseni zimene mwasankha. Ambiri satero, ndipo amene amatero ndi amene amakumbukiridwa mpata wa atachimenti ukapezeka.

Ntchito imodzi ikakusangalatsanibe mutamva zowawa zake, pemphani kukhala nawo tsiku limodzi mukungoonerera. Kugalaja, kumalo owotcherera zitsulo, kusaiti ya zomangamanga kapena kwa mlangizi wa zaulimi zimenezi sizivuta, bola muvale zoyenera ndi kumvera malamulo a chitetezo. Kuchipatala, kubanki ndi kwa maloya n'kovutirapo chifukwa cha chinsinsi cha odwala ndi makasitomala, ndiye kumeneko lembani kalata kwa mkulu wa pamalopo m'malo modalira chilolezo cha pakamwa cha amene munacheza naye uja.